Mwana Amene Tihota Adabereka M'madzi

Kwathu ku Yavorna, m'mbali mwa mtsinje wa Struma, kudali mlimi wa njuchi dzina lake Tihota. Munthuyu ankapisa dzanja mumng'oma njuchi zili ng'waa osaphethira n'komwe, koma akaima pamaso pa mkazi mmodzi yekha, lilime linkamuthawa. Mkaziyo adali Milusha, wamasiye wokhala kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi dooko. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri Tihota ankapita kumeneko ndi chisa cha uchi m'manja, n'kukhala pachitsa cha pakhomo, n'kuyamba kukamba za mvula. Nkhani ya mvula ikatha, ankatsanzika. Mudzi wonse unkadziwa chimene ankafuna, mbuzi za Milusha nazo ndikhulupirira zinkadziwa, koma mwini nkhani ankangoyang'ana kumwamba ngati mitambo ndiyo imufunsirire.

Tisamunamizire kuti adali wamanyazi chabe. Adalinso wamantha, ndipo chimene ankaopa ndi pakamwa pa anthu. Mwamuna wa Milusha atamwalira, akuluakulu adamanga mulu wa nkhuni wotenthera maliro, n'kuyamba kumuyang'ana mayiyo kuti atsagane ndi mwamuna wake pamotopo, monga ankachitira akazi otamandika a makedzana. Milusha adaziyang'ana nkhunizo, n'kunena kuti mbuzi zake zilibe wozikama, n'kubwerera kunyumba. Chiyambire tsiku limenelo amayi ankamuchita miseche kudooko, ndipo amuna ankati womukwatira adzalimbirana mphasa ndi mzukwa. Tihota mzukwawo sankauopa kwenikweni. Ankaopa kuti akamadutsa pabwalo anthu azidzagwirana m'nthiti.

Kenaka kudabwera lamulo kuchokera kwa mfumu ya ku Pliska kuti dziko lonse libatizidwe, ndipo wokana akafotokoze yekha kwa asilikali. Pambuyo pa lamulolo padafika wansembe wa Chigriki wochokera kumzinda wa Solun, dzina lake Kiriako, ali ndi bulu mmodzi, ndevu zofika pachifuwa ndi mkazi woyembekezera. Chiyankhulo chathu ankachidziwa, poti ku Solun amachimva mumsika. Chimene adalibe ndi makandulo, ndipo Mulungu wake, mwa maonekedwe, sankafuna kupembedzedwa popanda makandulo. Motero munthu woyamba kupalana naye ubwenzi adali mwini phula.

Tsiku lina akuviika zingwe m'phula losungunula, Kiriako adanena kuti kutentha mkazi wamoyo ndi tchimo lalikulu, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokwatiwanso popanda womuloza chala. Tihota adaiwala kuti chala chake chili mumphika.

"Mwati bwanji, ansembe? Wamasiye aliyense?"

"Aliyense."

"Ngakhale woweta mbuzi?"

"Mbuzi sizikulowapo apa, mwana wanga. Chotsa chala m'phulamo."

Tihota adaona kuti chipembedzo ichi chidachoka kutali konseko kudzakonza nkhani yake. Sabata yomweyo adabatizidwa, woyamba m'mudzi monse kulowa m'manja mwa Kiriako, ndipo kayendedwe kake kadasintha. Mitengo ya thundu imene kale ankaigwadira adayamba kuidutsa akuimba mluzu. Vuto lidali loti adadziyesa wotsiriza maphunziro. Masiku amene Kiriako ankasonkhanitsa anthu kuwafotokozera za ubatizo ndi malamulo ake, Tihota ankati zimenezo n'za ongoyamba kumene, iye n'kupita kukaona ming'oma. Paja akulu adati safunsa adadya phula, ndipo sindidziwa munthu wina amene mwambiwu udamukwana ngati malaya kuposa mlimi wa njuchi ameneyu.

M'mudzimo mudali Mkhristu winanso mmodzi, Bratan wosula zitsulo, amene adabatizidwa kalekale ali kapolo wa nkhondo kwa Agriki. Adali mwamuna wa mikono ngati mitanda ya nyumba, woseka mokweza, ndipo mkazi wake adali atamwalira chaka chathacho. Masiku amenewo adali atayamba kunola zenga la Milusha asadapemphedwe. Zenga limenelo lidanoledwa mpaka kutsala kapyapyala, ndipo Tihota ankaliyang'ana ndi diso lofiira.

Tsiku lobatiza mudzi wonse lidafika chisanu chitangosungunuka kumapiri, madzi a Struma ali ozizira oluma mafupa. Kiriako adaima m'madzi ofika m'chiuno, milomo ikunjenjemera, n'kulengeza kuti aliyense wovuuka ayenera kulandiridwa ndi Mkhristu atanyamula nsalu yoyera. Kwa amuna zidali zosavuta. Kwa akazi ndiye kudalibe wowalandira, chifukwa mkazi wa ansembe adali m'chikuta, atachira dzana lake. Ndiye Kiriako adagamula kuti mkazi woyamba alandiridwe ndi mwamuna, kenaka iyeyo azilandira anzake.

Amayi adayamba kubisalirana kumbuyo, aliyense akukankha mnzake. Milusha adavula nsapato zake zachikopa, n'kulowa m'madzi ngati akukatunga. Kiriako adatambasula nsalu yoyera n'kuipereka kwa amene adali pafupi, ndipo amene adali pafupiyo adali Bratan.

Tihota adaona mikono ija ikutambasula nsalu. Adaona m'maganizo Milusha akuvuuka ali chonyowa, akunjenjemera, n'kugwera pachifuwa cha wosula zitsulo mudzi wonse ukuona. Munthu amene zaka zisanu ndi ziwiri adalephera kutsegula pakamwa adadumpha miyala itatu, n'kutsomphola nsaluyo.

"Bweretsa kuno, aise. Manja ako ndi amwaye."

Bratan sadalimbane naye. Adaisiya nsaluyo mofewa, n'kubwerera m'mbuyo akumwetulira ngati munthu amene wina wamusenzera katundu paphiri. Tihota akadakhala ndi nzeru akadadabwa ndi kumwetulirako.

"Tihota," adatero Kiriako mano akugundana, "ukudziwa chimene ukuchitachi?"

"Ndikudziwa bwino lomwe, ansembe. Si ine Mkhristu woyamba pano?"

"Ukulonjeza kumuyang'anira mayiyu m'njira ya Mulungu masiku onse a moyo wako?"

"Onse amene. Ndi owonjezera ngati alipo."

Wansembeyo adali wozizidwa kwambiri moti sakadatha kufunsa kachitatu. Adamumiza Milusha katatu, ndipo Tihota adamulandira, n'kumufunditsa nsalu, n'kumugwira mapewa kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene mwambo umafunira. Mtima wake udadzaza ndi chimwemwe. Kwa nthawi yoyamba adamukhudza, pamaso pa anthu onse, ndipo palibe adaseka kupatula Bratan.

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisadalowe, Tihota adavala malaya ake abwino n'kupita kwa ansembe ndi mtsuko wa mowa wa uchi. Adapeza Kiriako atakhala padzuwa, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Ndabwera kudzapempha tsiku, ansembe. La ukwati."

"Nkhani yabwino. Mkazi ndani?"

"Mukufunsanso? Yemwe uja mudandipatsa m'manja uja."

Kiriako adatulutsa phazi limodzi m'beseni, n'kulibwezeramo. "Milusha? Mwana wako?"

"Ndilibe mwana ine."

"Uli naye kuyambira m'mawa uno. Wolandira munthu paubatizo ndiye bambo wake waubatizo. Wamubereka m'madzi. Ubale umenewu umaposa wamagazi, ndidaphunzitsa Lachitatu lathali pansi pa mtengo paja, anthu onse adamva."

"Lachitatu njuchi zanga zinkasamuka."

"Ndiye zidasamuka ndi ukwati wako."

Tihota adakhala pansi pomwepo pafumbi, malaya abwino ndi onse. Adayamba kuwerenga pazala. Adati Milusha ndi wochepa kwa iye ndi zaka zinayi zokha, ndipo palibe mwamuna adaberekapo ali ndi zaka zinayi. Adati amayi ake a Milusha akadali moyo kutsidya, apite akawafunse ngati adamuonapo iye. Kiriako ankangopukusa ndevu.

"Chabwino," adatero Tihota, "tiyeni tibwerere kumtsinje. Mummizenso, ine ndiima kutali, amulandire wina. Ngakhale Bratan yemweyo."

"Ubatizo ndi umodzi. Suchapidwa kawiri ngati malaya."

"Nanga ndikangomukankhiramo ndekha, ngati ndamubweza?"

"Ukhala wakankhira mwana wako mumtsinje."

Mowa wa uchi uja Kiriako adaulandira ndithu, chifukwa adati mphatso ilibe mlandu. Potsanzika adamusisita paphewa n'kumuuza kuti madzi akatayika saoleka, mwambi umene adauphunzira kwa ife tomwe, ndipo Tihota adaumva kuwawa kwambiri pouona ukubwerera kwa eni ake kudzera mkamwa mwa mlendo.

Kutacha nkhani idali itazungulira mudzi. Amuna pabwalo ankamufunsa ngati mwana wagona bwino, ena n'kumamulangiza za phala la ana. Kuseka kumene adakuthawa zaka zisanu ndi ziwiri kudamupeza tsiku limodzi, ndipo kudabwera ndi abale ake. Adapita kwa Milusha mozemba kuseri kwa minda, n'kumupeza akukama mbuzi.

"Takulandirani, bambo," adatero mayiyo osatembenuka.

"Musatero, a Milusha."

"Nanga ndizikuitanani chiyani? Ansembe ati ndikulemekezeni. Khalani pachitsa chanu, bambo, mundiuze za mvula."

Tihota adayesa kunena kuti mwina angathe kubwerera kumitengo ya thundu, akamange ukwati mwa makolo, mwakachetechete. Apo ndiye Milusha adasiya bere la mbuzi n'kumuyang'ana.

"Mitengo yanuyo idafuna kundiotcha. Mulungu wabwerayu wati ndikhale ndi moyo. Ndimusiye chifukwa inu mudalephera kukhala pansi Lachitatu limodzi? Ine sindidalowe m'madzi ozizira aja mosewera."

Ndipo poti adali bambo tsopano, Milusha adamupezera ntchito za ubambo. Denga likudontha, bambo. Mpanda wa khola wagwa, bambo. Tihota adafolera, adamanga, adawaza nkhuni za dzinja lonse, ndipo ankalowa pakhomopo nthawi iliyonse popanda womunena, poti bambo saletsedwa kuona mwana wake. Sadakhalepo pafupi ndi mkaziyo chotere m'moyo wake wonse, ndipo sadavutikepo mumtima chotere.

Chaka chitatha, mwayi udaoneka ngati wamukumbukira. Mfumu ya ku Pliska idayambana ndi Agriki, n'kuthamangitsa ansembe awo onse, n'kuitana ena ochokera ku Roma. Kiriako adakweza mkazi ndi mwana pabulu, n'kupita akulira, atanyamula makandulo okwana chaka. Mbiri idamveka kuti ansembe atsopanowo akunena kuti Agriki ankalakwitsa zinthu, ndipo akudzozanso anthu mafuta mwatsopano. Tihota atamva adavina yekha pakati pa ming'oma. Ngati ntchito ya Kiriako idali yolakwika, ndiye kuti mwana uja sadabadwe.

Sadadikire kuti wansembe watsopano afike ku Yavorna. Adasenza thumba lachikopa lodzaza uchi n'kuyenda masiku atatu kukamupeza kutauni ya kumunsi kwa mtsinje. Wansembeyo adali Donato, wamng'ono thupi, wometa ndevu ndi pakati pa mutu, wochokera kugombe la kumadzulo komwe amayankhula mofanana nafe koma mokoka. Adalawa uchiwo ndi chala, n'kumvetsera.

"Adakubatizani Mgriki wandevu uja? Wokhala ndi mkazi?"

"Yemweyo, ansembe. Ndi mwana yemwe. Munthu wosokoneza kwambiri."

"Anthu amenewo amalakwitsa zambiri. Mkate wawo ndi wolakwika. Masiku awo osala kudya ndi olakwika. Mafuta awo tidzadzozanso."

"Ndimadziwa ine," adatero Tihota, misozi ya chimwemwe ili m'maso. "Ndiye ubatizo uja nawonso wagwa?"

"Adatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera?"

Apa Tihota akadatha kunama. Adatsegula pakamwa kuti anene kuti phokoso la madzi lidali lalikulu, sadamve bwino. Koma adali atanyada chaka chathunthu kuti iye ndiye Mkhristu wodziwa zonse, ndipo kunyada sikutha msanga. "Adatchula, momveka bwino. Ndingathe kukubwerezerani m'Chigriki."

"Ndiye ubatizo uli bwino. Pa chimenecho chokha Agriki salakwitsa."

Tihota adafotokoza nkhani yonse ya nsalu yoyera. Donato adamvetsera mpaka kumapeto, akunyambita chala, kenaka adati pankhani imeneyo Roma ndi Agriki ndi amodzi, ndipo Roma amakhwimitsa koposa. Adaonjeza kuti ngakhale Tihota atadzabereka mwana wamwamuna kwa mkazi wina, mwanayonso sangakwatire Milusha, poti ndi mlongo wake. Tangoganizani, mipingo iwiri yokangana pa mkate, pa ndevu, pa tsiku lodya tchizi, idakapezana pamutu pa munthu mmodzi wa ku Yavorna. Tihota adabwerera masiku atatu aja chikopa chili pululu.

Atafika kwawo adapeza Bratan atakhala pakhomo pake, atasamba, ndevu atapesa, m'manja muli nkhwangwa yatsopano yopanda mpini.

"Ndakhala ndikukudikirani, akulu," adatero wosula zitsuloyo, amene chibadwire sadamutchulepo Tihota kuti akulu. "Ndabwera ndi mawu. Ndidakafunsira kwa Milusha, ndiye wati iye sangayankhe, ali ndi bambo. Mwambo ukuti ndipemphe kwa inu, ndipo nkhwangwayi ndi mphatso yanu mukavomera."

"Udadziwa iwe," adatero Tihota. "Tsiku lija kumtsinje. Udadziwa."

"Zaka zinayi ndidakhala kwa Agriki, akulu. Ine ndinkaganiza mmene ndingaikanire nsalu ija popanda kukhumudwitsa ansembe. Mudandithandiza."

Tihota adaiyang'ana nkhwangwa ija kwa kanthawi, n'kuthokoza Mulungu kuti idalibe mpini. Koma kenaka chinthu china chidamuwalira m'mutu. Bambo ali ndi mphamvu yokana. Akhoza kukana Bratan lero, n'kukana wina aliyense mawa, mpaka onse atakalamba. Chitsa chija chikhala chake, denga lija lizifoleredwa ndi iye. Adamuuza Bratan kuti adikire pomwepo, kholo liyenera kuyamba lamva maganizo a mwana.

Adapeza Milusha akuyanika bowa pachoyala. Ulendo uno sadakhale pachitsa, ndipo za mvula sadazitchule.

"A Milusha, ndifunse chinthu chimodzi. Ndikadafunsira zaka zija, mukadati chiyani?"

Mayiyo adapitiriza kutembenuza bowa. "Mukuona choyala ichi? Munthu mmodzi sadya bowa wochuluka chonchi. Chaka chilichonse ndinkafutsa wa anthu awiri, dzinja likatha wotsala n'kutayira nkhumba za eni ake. Kasanu ndi kawiri. Nkhumba za m'mudzi muno zidanenepa chifukwa cha inu."

Tihota adagwira mtengo wa choyala. Yankho limene adalilota zaka zonsezo lidabwera, ndipo lidalibe ntchito.

"Nanga Bratan mukumufuna?"

"Amaseka mokweza, ndipo adandithera zenga. Koma akafuna chinthu amanena. Ine ndatopa kudya ndekha, a Tihota, ndipo ndikufuna mwana ndisadapitirire msinkhu." Adapukuta manja pansalu. "Koma ndidalonjeza kumvera bambo anga waubatizo, ndipo ndimvera. Mukati ayi, ndi ayi. Chitsa chanu chili apo."

Adachiyang'ana chitsacho. Chidali chitasalala pamwamba chifukwa cha iye, ndipo adachita manyazi pochiona. Akadatha kukhalapo zaka zina makumi awiri, akukamba za mvula, mkaziyo akufutsa bowa wa munthu mmodzi. Adatembenuka n'kubwerera kunyumba kwake komwe Bratan adali akudikirabe.

"Bweretsa nkhwangwayo," adatero. "Ndipo denga lakumbuyo kwa Milusha limadontha pangodya ya kumpoto. Ukalisiya, udzandiona."

Ukwati udachitika m'nyengo yokolola mphesa. Donato adabwera kudzadalitsa, koma anthu a ku Yavorna adali atazolowera kale zimene Kiriako adawaphunzitsa, zoti akwati amaimikidwa nkhata pamwamba pa mitu yawo pemphero lonse, ndipo adakana kukwatitsa popanda nkhata. Donato adadandaula pang'ono za Agriki, n'kulola. Nkhata ya mkwati idagwidwa ndi mbale wake wa Bratan. Ya mkwatibwi sipadafunike kufunsa woigwira, poti ndi ntchito ya bambo waubatizo.

Makandulo onse m'kachisi wa m'mudzi mwathu adali a phula la Tihota, ndipo adawaumba aatali, osaganiza kuti wansembe wa ku Roma amapemphera mpaka kandulo itafika pakati. Adaima kumbuyo kwa Milusha, mkono uli m'mwamba, nkhata ya masamba a mpesa ili lende pamwamba pa tsitsi limene linkanunkhira utsi ndi mkaka wa mbuzi. Pemphero la Chilatini lidapita, n'kupita. Mkono udayamba kulemera, kenaka kunjenjemera, masamba n'kumagwedezeka mpaka limodzi lidagwera paphewa la mkwatibwi. Anthu kumbuyo adayamba kugwirana m'nthiti, ndipo Tihota adadabwa kupeza kuti sizikumukhudza.

Milusha sadatembenuke. Adangopendeketsa mutu pang'ono, n'kunong'ona kuti amve iye yekha.

"Gwirani bwino, bambo. Kugwira ndiye mumatha."

Tihota adachirikiza chigongono ndi dzanja linalo, n'kukweza nkhatayo. Adaigwira chomwecho mpaka Donato adati amen, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo poti manja onse awiri adali pantchito, padalibe choipukutira.